Kanyali Kofiira Kasanazime

1

Akazi ena amagwira amuna awo ndi uthenga wapafoni, ena ndi fungo la mafuta achilendo pamalaya. Ine wanga ndinamugwira ndi kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo.

Musadabwe kuti ndikuti "wanga" osati "anga". Ulemu umenewo anaudya yekha.

Sukulu ndinalekeza panjira amayi atamwalira. Anandilera ndi achemwali anga, amene ali ndi saluni. Padzanja lawo lamanja pali chipsera chachikulu. Anapsa ndi madzi owira pondikankha ine mphika utapendama, ndili wamng'ono. Ku saluniko ndinkasesa tsitsi ndi kutsuka mitu ya makasitomala, ndipo kunkabwera mwamuna wina kudzajambula masitayelo a tsitsi. Aliyense ankamutcha Ajambule. Chaka chisanathe ndinali ndi pakati, ndipo achemwali ndi amene anathamangathamanga kuti tikwatirane.

Mwana wathu wamkazi timamutcha Kachiwala, chifukwa sakhala pansi.

Situdiyo yathu inali chipinda chimodzi: nsalu yoyera kukhoma, mpando umodzi wosagwedera, kompyuta ndi makina osindikizira zithunzi. Kamera inali imodzi. Pakati pa sabata ndinkajambula nayo zithunzi za ziphaso, mwana ali kumsana. Loweruka Ajambule ankapita nayo kukajambula mpira.

Ntchitoyo anandiphunzitsa yekha, ndipo pamenepa sindimunamizira, amaidziwa.

"Kamera ndi munthu wosusuka," anatero tsiku lina. "Ukakanikiza batani osachotsapo chala, imaluma zithunzi motsatizana, tha-tha-tha-tha. Koma kuluma si kumeza. Zithunzizo zimayamba zaima pakhosi, kudikira kuti khadi lizimeze chimodzichimodzi, choyamba kulowa n'kukhala choyamba kumezedwa. Khadi likakhala laulesi pakhosi pamadzaza, kamera n'kutsamwa."

"Ikatsamwa ndiziimenya kumsana?"

"Uzidikira, mutu wakowo. Ukuona kanyali kofiira aka? Kakamaphethira ndiye kuti ikumezabe. Ukachotsa batire nthawi imeneyo, zonse zili pakhosi zapita. Ngakhale ulire bwanji sizibwerera."

Makhadi tinali nawo awiri. Lothamanga tinkalitcha Mphenzi. Ndi limenelo kamera inkaluma mpaka chala chako kutopa. Linalo linali lakale, tinkalitcha Nkhono. Pa zithunzi za ziphaso linalibe vuto, chifukwa munthu wa chiphaso sathamanga. Koma ukangoyesa kujambula motsatizana, kamera inkatsamwa usanapume n'komwe, n'kumangoti tha... kenako zii... tha.

Tsiku lina Ajambule anapita ndi Nkhono ku mpira mosadziwa. Chigoli chinalowa kamera itatsamwa. Anabwera akutukwana kuyambira pageti, ndipo anandikwiyira mpaka Lolemba.

Sungani zimenezo.

2

Loweruka lina iye atachoka, ndinapisa m'thumba la epuloni kufuna chopukutira mamina a mwana. Ndinagwira kachikwama ka khadi. Kutsegula, Mphenzi.

Dzulo lake ndinajambula ziphaso ndi Nkhono, ndipo ndinaiwala kusintha. Ndinamuimbira foni, yozima. Tsiku lonse ndinkangokonzekera mkuntho. Ndinachapa, ndinasita malaya ake onse, ngakhale osavala.

Madzulo analowa akuimba mluzu.

"Mwayenda bwanji, bambo ake?" ndinafunsa ndikulandira chikwama.

"Mpira wa lero! Zigoli ngati mvula. Chala changa chatupa."

"Kamera sinavute?"

"Ivute chiyani? Mphenzi ndi Mphenzi. Sinatsokomole ngakhale kamodzi."

Mphenzi anali m'thumba langa, akundiwotcha pantchafu.

Ndinamutenthetsera madzi osamba. Ali kubafa ndinayatsa kamera. Chithunzi chomaliza chinali cha agogo ena amene ndinawajambula dzulo, atatong'ola maso ngati awona njoka. Za mpira panalibe ngakhale udzu.

Ine sindilira msanga. Misozi siphika. Ndinakhala pampando uja wosagwedera n'kudzifunsa funso limodzi: ngati kamera sikupita ku mpira, mwini wake akupita kuti?

3

Loweruka lotsatira ndinadzuka iye asanadzuke. Ndinatulutsa kamera m'chikwama, n'kuikamo sopo awiri akuluakulu ochapira, nditawakulunga m'thewera kuti asagogode. Ndinanyamula kuyesa kulemera. Ndendende.

Anadya, anapsompsona Kachiwala pachipumi, anakoleka sopo paphewa, uyo.

Mwana ndinamusiya kwa mayi oyandikana nafe. Ndinamanga kamera m'nsalu. Nditamuona akukwera minibasi, ine ndinakwera njinga yamoto.

"Tsatirani minibasi iyo, koma musaipitirire."

"Ndinu apolisi, mayi?"

"Ndine mkazi wa munthu. Yendetsani."

Ajambule sanatsikire kubwalo la mpira. Anatsikira kuseri kwa depoti, n'kulowa pageti la nyumba ina yogona alendo, yopaka utoto wachikasu. Tsidya la msewu kunali kashedi ka bambo wina womata matayala, wa ndevu zoyera. Ndinapempha kukhala kuseri kwa mulu wa matayala.

Anayang'ana nsalu yanga, anayang'ana geti lija. "Khalani, mwanawe. Si inu oyamba."

Ndinakhala mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndinakonza kamera kuti izijambula motsatizana, ndinakokera galasi kuti geti libwere pafupi. Zonse ndinaganiza. Ndinaganiza za sopo, za thewera, za mwana, za pobisala.

Chimodzi chokha sindinaganize. Mphenzi ndinali nditamubwezera m'kathumba kam'mbali ka chikwama mkati mwa sabata, kuti mwini wake asandikayikire. Mphenzi anali tsidya lija, pamodzi ndi sopo.

M'kamera munali Nkhono.

4

Dzuwa litapendeka geti linatseguka. Anatuluka Ajambule, chikwama paphewa. Pambuyo pake panatuluka mkazi wa diresi yobiriwira, wigi yaitali mpaka m'mapewa. Anazungulira n'kuima kutsogolo kwake, atandipatsa msana, n'kuyamba kumukonza kolala. Mwamuna wanga anamugwira m'chiuno.

Ndinakanikiza.

Tha-tha-tha-tha-tha-tha. Msana. Msana. Msana. Dzanja pakolala. Msana.

"Cheuka," ndinanong'ona. "Cheuka, mfiti iwe."

Tha-tha... zii.

Kamera inatsamwa. Pomwepo ndinadziwa chimene ndalakwitsa. Ndipo pomwepo galimoto ina inaliza hutala, mkazi uja n'kucheuka.

Sindinachotse chala. Tha. Kenako zii, zii, zii. Tha. Nkhope yonse, yowala bwinobwino padzuwa.

Nkhopeyo ndinaiona. Dzina lake ndikuuzani, koma mudikire monga ndinadikirira ine.

Ndinatsamira matayala aja ndipo mulu wonse unagumuka, tayala limodzi n'kugubudukira mumsewu. Onse awiri anayang'ana. Mkazi uja anaphimba nkhope ndi chikwama chake n'kuthawira kukhonde la nyumba. Ajambule anawoloka msewu akuthamanga.

Ndinayang'ana kumbuyo kwa kamera. Kanyali kofiira kankaphethira. Nkhope ija inali pakhosi, kumapeto kwa mzere, kudikira kuti misana yonse imezedwe kaye.

"Meza," ndinaipempha. "Nkhono iwe, meza."

Ndinathawira kuseri kwa shedi. Kunali mpanda. Kanyali kakuphethirabe.

"Bweretsa kamera yanga!"

"Imani pomwepo, bambo ake, tikambirane."

"Bweretsa!"

"Mpira watha bwanji? Awina ndani?"

Ndinkangoyankhula kuti ndigule mpweya umodzi, uwiri. Kamera ndinaikumbatira pachifuwa. Anandigwira mkono n'kuupinda. Ndinamuluma pachala, anakuwa, koma dzanja lake lina linkadziwa kumene likupita. Kamera imeneyo ankaidziwa ngakhale mumdima. Ndinamva kachitseko kapansi kakuti kwa.

Kanyali kanazima. Batire linali m'manja mwake.

"Musiye mayiyo!" Anali bambo wa matayala uja, chitsulo chochotsera matayala chili m'manja. Anthu anayamba kusonkhana.

"Ndi mkazi wanga uyu!"

"Ndiye ukamupindire mkono kwanu, osati pantchito panga."

Mkangano uli mkati ndinatulutsa khadi n'kulilowetsa m'kamisolo. Ajambule anandiona. Anapisa m'kathumba ka chikwama chake, anapeza Mphenzi, anamuyang'ana. Kenako anaseka, akupuma mwawefuwefu.

"Ndi Nkhono limenelo," anatero. "Kanyali kanali kasanazime. Pita ukaone chimene wagwira."

5

Ndinapita. Ndinalowetsa khadi m'kompyuta.

Misana yokhayokha. Diresi yobiriwira, wigi, dzanja pakolala. Chithunzi chomaliza chinatseguka theka, phewa likuyamba kutembenuka, kunsi kwake phulusa lokhalokha. Pamenepo ndi pamene batire linachoka.

Ajambule sanabwere kunyumba. Anapita kwa amayi ake. Mawa lake apongozi anandiimbira.

"Mwana wanga wabwera ndi bala la mano. Akuti mutu wako sukuyenda bwino. Ukumuikira sopo m'chikwama, ukuthamangitsa makasitomala, mwana ukumutaya kwa anthu apadera n'kumakabisala m'matayala. Lamlungu likubwerali tikumana kwa amalume ake. Ubwere ndi zovala za mwanayo. Akhala kuno mpaka uchire."

Ukwati atenge. Situdiyo atenge. Koma Kachiwala?

Ndinalibe mayi, ndinalibe bambo. Wondiimira kwathu anali mmodzi yekha, ndipo anabwera Lachitatu masana, atavala wigi yaifupi yofiirira, atanyamula mabisiketi a mwana.

"Mng'ono wanga, ndamva kwa apongozi ako. Wachita chiyani?"

"Ndajambula, achemwali."

"Mkaziyo unamuona nkhope?"

"Anali patali."

Anapuma. Anamukweza Kachiwala pamwendo n'kuyamba kumukonza tsitsi ndi zala. "Nanga zithunzizo? Tandionetsa, mwina ndimamudziwa. Ku saluni kumadutsa akazi ambiri."

"Mudzaziona Lamlungu pamodzi ndi anthu onse."

"Ine ndine mayi ako. Ukundibisira?"

"Sindikufuna kuziona kawiri."

Sanaumirize. Pochoka anandisisita patsaya ndi dzanja lija la chipsera. "Usaope. Ndidzakhala pambali pako."

"Ndikudziwa," ndinatero.

6

Pabalaza pa amalume panali mipando ya nsalu zoluka, ndi wotchi yakufa kukhoma. Amalumewo anapuma ntchito yoyendetsa mabasi, munthu wosathamangira mawu. Apongozi anakhala ndi mwana wawo mbali imodzi, chala chake atachimanga bandeji yaikulu ngati chaduka. Ine ndi achemwali mbali inayi, Kachiwala ali pamwendo pawo. Zithunzi ndinazisindikiza. Ndinaziika patebulo chafufumimba, n'kuikapo chikhatho.

Ajambule anayamba. Akuti mkaziyo anali kasitomala, ankakambirana za zithunzi za ukwati. Anatulutsa sopo uja n'kumuika patebulo, thewera ndi thewera lake.

"Onani, amalume. Munthu wabwinobwino angachite izi?"

"Munamupeza nthawi yanji sopoyo?" ndinafunsa.

"Madzulo."

"Ndiye ku mpira munajambula ndi thewera?"

Amalume anatsokomola kubisa chiseko. Apongozi anawomba patebulo. "Mpira unalephereka! Wanena kale mwana wanga. Mukuona mwano wake, achimwene?"

"Kasitomalayo anavala bwanji?" anafunsa amalume.

"Sindikumbuka. Ine sindiyang'ana zovala za akazi a eni."

"Zithunzizi unazionapo?"

"Ayi. Sindikudziwa n'komwe chimene anajambula."

Amalume anatembenukira kwa achemwali. "Inu alamu anuwa munayankhula nawo za nkhaniyi?"

"Ine? Patha mwezi osaonana nawo, ngakhale pafoni. Ndamva kwa amayiwa basi."

"Chabwino. Mtengwa, tembenuza zithunzizo."

Sindinatembenuze. Ndinadziwa kuti zikangooneka ndaluza. Misana siyankhula. Apongozi adzati mkaziyo ndi kasitomala, amalume adzasowa pogwira, ndipo ine ndidzabwerera kunyumba ndi nsalu yoberekera yopanda mwana. Ndinali ndi chinthu chimodzi chokha, chomwe Nkhono anandiphunzitsa: kuchedwa.

"Ndisanatembenuze," ndinatero, "ndikupempha kuti aliyense akonzeke. Munthu ali apayu mukumudziwa. Mukamuona musakomoke."

Ajambule anaseka kachiseko kouma. Ndinayang'ana pansi. Ndinakweza ngodya ya chithunzi chapamwamba pang'ono, ndinaibwezera. Ndinapempha madzi akumwa. Ndinamwa pang'onopang'ono. Mwendo wa achemwali unayamba kugwedera, mpaka Kachiwala ankadumphadumpha n'kumaseka, kuyesa ndi masewera.

"Mng'ono wanga," anatero mwadzidzidzi, mawu okoma ngati uchi, "usadzichititse manyazi pamaso pa apongozi. Pepesa zithe. Ungagwire ndani ndi msana? Akazi ovala zobiriwira ndi angati m'tauni muno?"

Ndinaika kapu pansi.

"Achemwali, zithunzizi sindinazitembenuze."

"Ndikutanthauza kuti..."

"Sindinaonetse munthu. Alamu anu akuti sanazione, zovala sakumbuka, ndipo inu mwezi wonse simunayankhule nawo. Wakuuzani ndani kuti ndi msana? Zobiriwira mwazitenga kuti?"

"Ndangoganiza."

"Kuganiza mpaka mtundu wa diresi?" anafunsa amalume motsitsa.

Ndinatembenuza zithunzi n'kuziyala. Misana yokhayokha, yobiriwira. Amalume anavala magalasi. Anatola chimodzi, cha dzanja pakolala, n'kuchiyandikitsa kumaso. Padzanjapo panali kamthunzi kosaoneka bwino. Tsiku lina lililonse munthu akanati ndi kuwala kwa dzuwa. Koma amalume anachotsa maso pachithunzi n'kuwaika padzanja limene linagwira mwana wanga.

Achemwali analibisa pansi pa diresi ya Kachiwala.

"Tulutsani dzanjalo, mayi," anatero amalume.

Sanalitulutse. Anatembenukira kwa mwamuna wanga, nkhope itasintha.

"Unati sizioneka! Unati khadilo n'lochedwa, nkhope sinalowe, ndisaope!"

"Khala chete iwe!"

"Mayo ine!" Apongozi anagwira kumutu.

Ndinaimirira. "Achemwali, chiyambire liti?"

Anandiyang'ana, maso ouma. "Anali wanga iwe usanadziwe n'komwe kutsuka mutu wa munthu. Unangotenga pakati. Ndikanatani? Ndinakupatsa, monga ndinakupatsira zonse."

Ndinawerama, ndinachotsa dzanja lija pathupi la mwana wanga. Linali lofunda, monga linkakhalira akamandigwira pachipumi ndikadwala. Ndinamunyamula Kachiwala, ndinamuponya kumsana, ndinamanga nsalu mfundo ziwiri.

"Amalume, mwanayu apita kuti?"

"Kumene ali n'komweko," anatero. Kenako anayang'ana mphwawo. "Ndipo iwe, bweza batire la mayiyu. Kamera yokha ndi imene yanena zoona m'nyumba mwako, ikhale ndi amene amaigwiritsa ntchito. Sopo tenga, ukasambe."

7

Tsopano ndimakhala m'chipinda chimodzi ndi Kachiwala. Ndimajambula ziphaso pakhonde la sitolo ina, nsalu yoyera nditaikoloweka pamisomali iwiri. Loweruka ndimapita ku mpira, ine weniweni. Khadi lothamanga ndinagula langa, ndipo ndisanatuluke ndimatsegula kachitseko n'kuliona ndi maso, kawiri.

Msewu wa ku saluni sindidutsako. Mwana amafunsabe za amayi aakulu. Ndimamuuza kuti ali kuntchito. Tsiku lina adzakula, ndipo sindikudziwa kuti ndidzamuuza chiyani za dzanja limene linapsa chifukwa cha ine.

Inu amene mukuwerenga, makamaka akazi anzanga, mwina mukudikira kuti ndikuuzeni kuti musakhulupirire achibale. Ayi, zimenezo muona nokha. Ine sindinaphunzire zambiri, ndingokuuzani za ntchito yanga. Chimene waona ndi maso sichinakhale chako. Chili pakhosi. Ukathamangira kukuwa, anthu adzakuchotsera batire n'kunena kuti ndiwe wamisala. Gwira zolimba, tseka pakamwa, dikira chimezedwe. Wolakwa satha kudikira. Amayankhula yekha.

Nkhono ndidakali naye, m'kabotolo ka mabatani. Mnzanga wina anati ndimutaye, poti anandilanda umboni tsiku limene ndinaufunitsitsa. Sindinamutaye. Akanakhala Mphenzi, bwenzi ndili ndi chithunzi cha achemwali anga akucheuka padzuwa, akumwetulira, dzanja la mwamuna wanga lili m'chiuno mwawo. Ndikudzidziwa ine. Bwenzi ndikuchitsegula tsiku lililonse.

Nkhono anameza zimene ndikanatha kupirira. Zinazo anazisiya pakhosi.